Kutsuka ndi Kusamala Wotchi Yamtengo Wapatali Podikira Sevisi Yotsatira

Wotchi yapamkono yodula sipita kwa mmisiri pafupipafupi ngati galimoto. A Rolex amalangiza kuti wotchi yawo iphwasulidwe ndi kuthiridwa mafuta atsopano pakatha zaka pafupifupi 10, malinga ndi mtundu wake komanso mmene ikuvalidwira. A Omega amati zaka 5 mpaka 8. Zaka zonse zapakatizi wotchi imakhala pamkono panu, ikumwa thukuta, fumbi ndi mafuta odzola, ndipo zimene mmisiri adzapeze akadzaitsegula zimachokera pa kasamalidwe kanu. Kwa amene ali ku Malawi kapena ku Zambia nkhaniyi imakula, chifukwa sevisi ya mawotchi otere kawirikawiri imafuna kuti wotchi ikwere ndege, ndipo imatha masabata ili kunja.

Gawo lanu ndi kunja: thupi la wotchi, galasi, lamba ndi chomangira chake. Chivundikiro cha kumbuyo musachitsegule, ngakhale mutangofuna kusuzumira. Makina am'kati ali ndi timadontho ta mafuta tosaoneka bwino ndi maso, ndipo kafumbi kamodzi kakagwera pamenepo kamasanduka mchenga wopala zitsulo.

Dziwani kaye ngati wotchi yanu imalola madzi

Yang'anani pankhope ya wotchi kapena kumbuyo kwake. Mupeza nambala monga 30 m, 50 m, 100 m kapena 300 m. Ena amalemba 3 bar kapena 3 ATM, zomwe ndi chimodzimodzi ndi 30 m. Nambalayi imachokera pa mayeso a kufakitale, wotchi ili yatsopano, madzi ali phee. Sikuti mungamire nayo mpaka pamenepo.

Ya 30 m imapirira mvula yowaza ndi madzi odontha posamba m'manja, basi. Ya 50 m, monga Omega Speedmaster Moonwatch, mutha kuitsuka mosamala koma musaiviike nthawi yaitali. Kuyambira 100 m kupita m'mwamba mutha kusambira nayo ndi kuitsuka pampopi. Rolex Submariner ndi Omega Seamaster Diver 300M zili pa 300 m.

Chotseka madzi ndi timphira tozungulira, tofanana ndi gasiketi wa galimoto koma topyapyala kwambiri. Tili m'malo atatu: pa chivundikiro cha kumbuyo, m'mphepete mwa galasi, ndi pa kabatani kam'mbali kotchunira nthawi, kamene amisiri amati crown. Timphirati timauma ndi kung'aluka chifukwa cha zaka, kutentha ndi mankhwala. Wotchi imene inalembedwa 300 m zaka 15 zapitazo ndipo sinayezedwepo chiyambire, lero ikhoza kulowa madzi a m'beseni. Amene amasambira ndi wotchi aziipereka kamodzi pachaka kuti aiyeze pa makina opimira ngati ikutsekabe madzi. Mayesowa satenga nthawi ndipo safuna kuphwasula chilichonse. Ngati wotchi munagula kwa munthu wina, kapena ndi yamasiye ya bambo anu ndipo mbiri yake simuidziwa, itengeni ngati yosalola madzi mpaka itayezedwa.

Crown, khomo limene madzi amalowera

Mawotchi ambiri amene amafika kwa mmisiri ali ndi dzimbiri m'kati, madzi analowera pa crown yoiwalika. Pali mitundu iwiri. Ina mumangoikankhira m'kati. Ina mumaikankha kenako n'kuimanga ngati chitsekero cha botolo, njira imene Rolex anayamba nayo pa wotchi ya Oyster mu 1926.

Yomangayi ili ndi katsekedwe kake. Ikankheni pang'ono ndi chala, muibweze kumbuyo pang'onong'ono mpaka mumve kuti timizere take takhala m'malo, kenako muipotokole kutsogolo uku mukukankhabe mopepuka. Iyenera kuyenda mofewa. Ikangofika polimba, siyani pomwepo. Mphamvu ya zala ziwiri ndi yokwanira, ndipo pulayala isayandikire n'komwe. Mukamanga mopyola mumafinya kamphira mpaka kuphwatalala, ndipo mukaikakamiza italowa mopendama mumadya timizere ta kapaipi kamene imamangirapo. Kapaipi kameneko kakadyeka, crown simangikanso mpaka mmisiri asinthe zonse ziwiri.

Ngati crown ikumveka ngati muli mchenga, itseguleni wotchi ili youma, mupukute timizere ndi mswachi wouma wofewa. Musathirepo mafuta a makina osokera, a galimoto kapena opopera aja ochotsera dzimbiri. Amafufumitsa timphira ndipo amayenderera kulowa m'kati.

Wotchi yokhala ndi mabatani ena m'mbali, monga Rolex Daytona, onetsetsani kuti nawonso ndi omanga. Mitundu ina ya Seamaster ili ndi kabatani kena chakumanzere kumtunda, kotulutsira mpweya wa helium kwa anthu ogwira ntchito pansi pa nyanja. Inu kameneko kazikhala kotseka nthawi zonse.

Zofunika potsuka

Mbale ziwiri zakuya, sopo wamadzi wotsukira mbale wopanda jiki, mswachi watsopano wofewa kwambiri, makamaka wa ana, timitengo totokosera m'mano, thaulo, ndi tinsalu tiwiri ta microfibre tonga topukutira magalasi a maso. Mswachi wakale ayi, chifukwa umakhala ndi zotsalira za mankhwala otsukira m'mano, ndipo zimenezo zimapala chitsulo.

Kutsuka wotchi ya lamba wachitsulo yolola madzi

1. Tsekani crown ndi mabatani onse. Yesaninso kachiwiri ndi chala.

2. Yalani thaulo patebulo ndi kugwirira ntchito pamenepo. Ngati mukutsukira pasinki, tsekani kabowo ka madzi ndi kuyala thaulo pansi pake. Wotchi ya sopo imaterera ngati mlamba, ndipo ikagwera pa matailosi ndalama zake si zamasewera.

3. Thirani kapu imodzi ya madzi ofunda, pafupifupi 250 ml, m'mbale yoyamba, ndi madontho awiri a sopo. Madzi akhale ofunda ngati osambitsira khanda, cha m'ma 30 mpaka 35 digiri. Otentha kwambiri amakulitsa chitsulo ndi mphira mosiyana, ndipo mpata umatseguka. Mbale yachiwiri ikhale ndi madzi oyera.

4. Yambani mwatsukuluza wotchi yonse ndi madzi opanda sopo kuti mchenga ndi fumbi zichoke. Ambiri amadumpha apa, n'kuyamba kukwecha mchenga uli pomwepo, ndiye amadabwa kuona timizere tambirimbiri pa chitsulo chimene chinali chonyezimira.

5. Viikani lamba yekha m'madzi a sopo kwa mphindi zisanu, mutu wa wotchi mutaugwira m'dzanja kapena mutaukoleka m'mphepete mwa mbale. Litsiro louma limafewa lokha.

6. Kwechani ndi mswachi mopepuka. Yambani kunsi kwa lamba, mbali yokhudza khungu, chifukwa ndiko kumakhala litsiro lochuluka. Pindani lamba pa chala kuti mipata ya mfundo zake itseguke, mswachi ulowe. Tsegulani chomangira, mukweche m'makona ake onse. Kenako pitani pamene lamba amalumikizana ndi thupi la wotchi, m'mphepete mwa chivundikiro cha kumbuyo, ndi kuzungulira crown. Pamene chitsulo chili ndi timizere ta kufakitale tolowera mbali imodzi, mswachi utsate timizereto. Pamene chili chonyezimira ngati kalilole, makamaka golide, gwiritsani chala cha sopo m'malo mwa mswachi.

7. Litsiro lokakamira m'makona lichotseni ndi kamtengo kotokosera m'mano. Singano kapena pini zimakala, ndipo zikhoza kuboola kamphira ka m'mphepete mwa galasi.

8. Ngati wotchi ili ndi mkombero wozungulira, monga mawotchi osambirira, uzungulitseni kawiri kapena katatu uli m'madzi oyera kuti mchenga wa kunsi utuluke. Mkombero umene unayamba kulimba nthawi zambiri umamasuka ndi zimenezi zokha.

9. Tsukuluzani bwinobwino mpaka kuterera kwa sopo kuthe. Mpopi ukhale wotsegula pang'ono. Madzi a pamjigo m'madera ena amasiya timadontho toyera akauma, choncho ngati kwanu ndi choncho malizani ndi madzi a m'botolo.

10. Gwedezani pang'ono, pukutani ndi kansalu koyamba, kenako muigoneke cham'mbali pa thaulo louma kwa ola limodzi kapena awiri, pamthunzi, chomangira chili chotsegula. Musaiyanike padzuwa, musaiwombe ndi makina owumitsira tsitsi. Crown isatsegulidwe mpaka wotchi itaumiratu. Malizani ndi kansalu kachiwiri kouma.

Kamodzi pamwezi ndi kokwanira kwa wovala tsiku lililonse. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, thukuta ndi fumbi zikafika pachimake, chitani kawiri. Madzulo alionse povula ingoipukutani ndi kansalu kouma, masekondi 20 okha. Mukasambira m'nyanja yamchere, kaya ku Durban kapena ku Beira, kapenanso m'dziwe losambiramo lothiridwa klorini, tsukuluzani ndi madzi abwino tsiku lomwelo. Rolex amagwiritsa ntchito chitsulo cha 904L ndipo ena ambiri 316L, zonse zosachita dzimbiri msanga, koma mchere ukakhala miyezi m'kampata ka chivundikiro cha kumbuyo umaboola timaenje. Madzi a ku Salima ndi ku Mangochi alibe mchere, vuto la kumeneko ndi mchenga.

Chifukwa chachikulu chotsukira lamba si kukongola. Mfundo za lamba zimayenda pa timapini tachitsulo. Thukuta likasakanikirana ndi fumbi limapanga phala lakuda limene limapera timapinito nthawi iliyonse mukagwedeza mkono. Pakapita zaka lamba amakhwepa, n'kumalendewera ngati watanuka. Chitsulo sichinatanuke ayi, chadyeka. Malamba akale a Rolex otchedwa Jubilee amadziwika ndi vuto limeneli, ndipo kukonza kwake ndi kodula. Kuvala wotchi yokhwepa kwambiri pamkono kumafulumizitsa kudyekaku. Mpata wa kachala kakang'ono kunsi kwa chomangira ndi wokwanira.

Wotchi yosalola madzi ndi lamba wachikopa

Wotchi yakale, yovala ndi suti, kapena iliyonse imene simukuikhulupirira, isalowe m'mbale. Nyowetsani ngodya ya kansalu, mufinye mpaka pasadonthe kanthu, mupukute thupi ndi kumbuyo. M'makona gwiritsani mswachi wouma kapena kathonje kapamtengo konyowa pang'ono, kutali ndi crown.

Chikopa ndi madzi sizigwirizana. Lamba wachikopa, kaya cha ng'ona kapena cha ng'ombe, amamwa thukuta kunsi, n'kuda, n'kununkha, kenako n'kuthetheka pa kabowo kamene mumamangira. Mupukuteni ndi kansalu kachinyezi pang'ono, mumusiye aume pamthunzi usiku wonse. Mafuta osamalira zikopa mutha kupaka kadontho kamodzi pakatha miyezi itatu kapena inayi, kumtunda kokha. Polishi wa nsapato amadetsa malaya, ndipo mafuta odzola amafewetsa guluu wogwira zigawo za lamba mpaka kumatuka. Fungo likakhazikika palibe mankhwala, gulani wina. Lamba wachikopa ndi chinthu chotha, ngati matayala. Nzeru yake ndi kukhala ndi malamba awiri osinthanitsa, ndipo nyengo yotentha kuvala wachitsulo kapena wamphira. Wamphira ndi wansalu amachapika ndi sopo ndi madzi popanda vuto.

Kuchotsa lamba

Lamba amatsukika bwino kwambiri atachotsedwa. Amagwidwa ndi timapini tiwiri tokhala ndi sipuling'i m'kati, tolowa m'timabowo ta nyanga za wotchi, tizitsulo tinayi totuluka pa thupi lake pamene lamba amalumikizana nalo. Pali kachitsulo kake kochotsera, kokhala ndi nsonga yamphanda. Mpeni kapena lumo zimatsetsereka n'kukala nyangazo.

Matani selotepi kunsi kwa nyanga zonse zinayi. Gonekani wotchi chafufumimba pa thaulo, ndipo nthawi zonse gwirani ntchito chakumbuyo kuti pakakalika pakhale posaoneka. Lowetsani mphanda pakati pa lamba ndi nyanga, kanikizirani kapini m'kati, mukankhire lamba kunja pang'onopang'ono. Phimbani ndi chala, chifukwa kapini kamadumpha n'kusowa. Kaoneni bwino: kopindika, kadzimbiri, kapena kamene sipuling'i yake yafooka, kasintheni ndi ka muyezo womwewo. Mawotchi ambiri aamuna ali ndi mpata wa 20 mm pakati pa nyanga, ena 19, 21 kapena 22. Wotchi yonseyo, ndi mtengo wake wonse, imalendewera pa timapini tiwiri timeneti. Mukabwezera, mvetserani kulira kwa kapini kakulowa m'bowo, kenako kokani lamba mwamphamvu ndithu mbali zonse ziwiri.

Makina otsukira ndi mafunde a ultrasonic ndi abwino pa lamba wachitsulo yekha, kwa mphindi zitatu kapena zisanu. Mutu wa wotchi usalowemo. Kunjenjemerako kumamwaza mafuta am'kati ndi kumasula tisikuluwu. Lamba wa miyala yamtengo kapena wongokutidwa golide pamwamba nayenso asalowemo.

Malamba ambiri odula amalumikizidwa ndi tisikuluwu m'mbali. Kamodzi pamwezi yendetsani chikhadabo m'mbali mwa lamba. Mukamva kamutu katatuluka, kamangeni ndi sikuludiraiva yokwana ndendende m'kamzere kake. Kakamamasuka mobwerezabwereza, kadontho kochepetsetsa ka Loctite 222, mankhwala ogwira sikuluwu kuti isamasuke, kunsonga kwake kamathetsa vutolo. Guluu wamphamvu uja wa m'timachubu musayese, amamatiratu mfundo.

Zimene zisakhudze wotchi

Phulusa, mchenga, waya wokwechera mapoto ndi ufa wotsukira masinki ndi za kukhitchini. Mankhwala otsukira m'mano ndi opukutira mkuwa nawonso amapala. Jiki ndi klorini zimaononga golide, chifukwa golide wa 18 karati, amene amadindidwa 750, magawo atatu mwa anayi okha ndiwo golide weniweni, ndipo zitsulo zosakanizazo ndi zimene zimadyeka. Perefyumu ndi mafuta odzola pakani kaye, ziume, wotchi ibwere pomaliza. Mankhwala opaka othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amasungunula pulasitiki, choncho amaononga galasi la pulasitiki ndi malamba ena amphira. Ovala wotchi kunyanja madzulo akumbukire zimenezi.

Kusamba ndi wotchi m'bafa la madzi otentha ndi chizolowezi choipa ngakhale italembedwa 300 m. Sopo ndi kutentha tsiku ndi tsiku zimakalambitsa timphira. Padashibodi ya galimoto yoimikidwa padzuwa ndi poipanso, mafuta am'kati amasungunuka n'kuchoka pamalo pake. Powaza nkhuni, pokhoma misomali, posinja ndi posewera gofu, vulani. Ndipo povala kapena povula, chitirani pamwamba pa bedi kapena tebulo, chifukwa mawotchi amakonda kugwa pa nthawi imeneyi.

Kukalika

Galasi la safiro lili pa 9 pa muyezo wa Mohs woyezera kulimba kwa zinthu, pamene dayamondi ali pa 10, ndiye silikalika wamba. Mzere umene mukuona ukhoza kukhala utoto wa khoma kapena chitsulo chimene chapakika pamwamba, ndipo umachoka ndi kansalu konyowa. Omega ndi Breitling amakuta magalasi ena ndi kansalu kosaoneka kochepetsa kunyezimira, kunja komwe, ndipo kameneko kamakalika. Musakapale, mungangokulitsa chipsera. Safiro akamenyedwa amasweka. Zikachitika, kokani crown kuti mivi iime, chifukwa mivi yoyenda imakoka tizidutswa n'kukala nkhope ya wotchi. Igonekeni chafufumimba, musaigwedeze, ipite kwa mmisiri.

Galasi la pulasitiki, monga Hesalite wa pa Speedmaster ndi la mawotchi akale, limakalika msanga koma mutha kulikonza nokha. Matani tepi pa mkombero, ikani kadontho ka Polywatch, mankhwala opukutira galasi la pulasitiki, mupukute ndi thonje mozungulira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Bwerezani ngati mzere ukuonekabe.

Timizere ta pa chitsulo tisiyeni. Kupukuta ndi makina kumachotsa chitsulo chenicheni, ngodya zakuthwa za kufakitale zimabulungika, ndipo sizibwereranso. Ogula mawotchi akale amalipira zambiri pa wotchi yokalika yosapalidwa kuposa yonyezimira imene inapalidwa mpaka nyanga kuonda.

Kupukusa ndi kutchuna

Vulani wotchi musanaipukuse, kutanthauza kuzungulitsa crown kuti sipuling'i yam'kati idzaze mphamvu. Ili pamkono, chala chimakankhira crown m'mwamba ndipo kachitsulo kolowa m'makina kamapindika pang'onopang'ono.

Wotchi yopukusa ndi manja, ipukuseni kamodzi patsiku nthawi yofanana, mofatsa, mpaka mumve kulimba. Mukamva, lekani. Kukakamiza kumadula sipuling'i yaikulu. Wotchi yodzipukusa yokha ndi kuyenda kwa mkono ilibe polimba, chifukwa sipuling'i yake imatsetsereka ikadzaza. Ikaima, ipukuseni maulendo 25 mpaka 40 musanaivale. Kuigwedeza mwamphamvu kuti idzuke si njira. Makina a Rolex 3235 akadzaza amayenda maola pafupifupi 70, a ETA 2824 pafupifupi 40. Munthu wokhala padesiki tsiku lonse sagwedeza mkono mokwanira, ndiye wotchi ikamaima usiku, yambani mwaipukusa ndi manja musanaganize kuti yaonongeka.

Kusintha deti kuli ndi msampha. Kuyambira cha m'ma 9 koloko usiku mpaka 3 koloko m'bandakucha, timano tosintha deti timakhala titalumana kale. Mukasintha deti ndi crown nthawi imeneyo, m'makina ambiri kadzino kamathyoka. Mawotchi ena atsopano anatetezedwa, koma chizolowezi chabwino ndi ichi. Kokani crown mpaka kumapeto, yendetsani mivi kutsogolo mpaka deti lidumphe, apo mwadziwa kuti ndi pakati pa usiku. Pitirizani mpaka 6 koloko m'mawa. Bwezani crown pamalo osinthira deti, muike deti la lero. Kenako tchunani nthawi, kukumbukira kudutsa 12 koloko ngati ndi masana. Tsekani crown. Wotchi ya kalendala yosonyeza mwezi ndi chaka ili ndi malamulo akeake, tsatirani kabuku kake ndipo mivi musaibweze m'mbuyo.

Pa wotchi yokhala ndi mabatani oyezera nthawi, imitsani kaye muvi ndi batani lakumtunda musanadine lakumunsi lobwezera pa ziro, pokhapokha ili ya mtundu wa flyback, yopangidwa kuti muvi uzibwerera pa ziro ukuyenda. M'madzi musadine batani lililonse.

Maginito ndi kuyeza kayendedwe

Mumtima mwa wotchi muli kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi, kamene m'mawotchi ambiri kamagunda maulendo 28,800 pa ola. Kakagwidwa ndi maginito, zigawo zake zimamatana, kamafupika, ndipo wotchi imathamanga, mwina masekondi 30 patsiku, mwina mphindi zingapo. Gwero lake ndi zinthu za m'nyumba momwemo: masipika, chikwama cha foni kapena tabuleti chotseka ndi maginito, laputopu, chitseko cha firiji, loko wa kachikwama ka m'manja. Muyezo wapadziko lonse wa ISO 764 umangofuna kuti wotchi ipirire pafupifupi 60 gauss, mphamvu imene maginito wamba amaipyola wotchi ikagundana nawo. Omega za Master Chronometer zimayezedwa mpaka 15,000 gauss, ndiye eni ake alibe nkhawa imeneyi.

Kuyeza n'kosavuta. Ikani kampasi patebulo, muyandikize wotchi pang'onopang'ono. Muvi wa kampasi ukapatuka kwambiri n'kumatsatira wotchi, yagwidwa. Mmisiri amachotsa maginito m'mphindi imodzi osatsegula. Palinso kabokosi kamagetsi kotchipa kochitira zimenezi kunyumba: ikani wotchi pamwamba pake, dinani batani, muichotse pang'onopang'ono mpaka mkono utatambasuka batani mukadadinabe, kenako siyani. Bwerezani wotchi mutaitembenuza. Wotchi ya batire musaiyike pamenepo.

Kuti mudziwe mmene wotchi ikuyendera, itchuneni molingana ndi foni, muivale mwa masiku onse, ndipo muzilemba kusiyana kwake m'mawa uliwonse kwa masiku 7. Satifiketi ya COSC, bungwe la ku Switzerland loyeza kulondola kwa mawotchi, imalola kutsalira masekondi 4 kapena kutsogola 6 patsiku. Rolex amalonjeza masekondi 2 mbali zonse, Master Chronometer 0 mpaka 5 kutsogolo. Wotchi ya zaka 40 ikamaphonya masekondi 10 kapena 15 ili bwino ndithu. Chofunika kuona ndi kusintha: imene inkatsogola masekondi 3 kwa zaka n'kuyamba kutsalira 20, mafuta ake akuuma. Kusiyana kwakung'ono mutha kukuchepetsa ndi kagonekedwe ka usiku. Mawotchi ambiri amathamangirako akagona chagada ndipo amachedwerako akaimikidwa cham'mbali. Yesani muone yanu.

Nkhungu kunsi kwa galasi

Kankhungu kochepa kooneka mukachoka potentha kulowa pozizira kwambiri, n'kuzimiririka pasanathe mphindi, ndi chinyezi cha mpweya umene unali kale m'kati. Nkhungu yokhalitsa, kapena timadontho, ndiye kuti madzi alowa, ndipo dzimbiri limayamba m'masiku ochepa. Kukwirira wotchi mumpunga sikutulutsa madziwo, kumangotaya nthawi. Tsegulani crown, ikani wotchi m'kabokosi kotseka pamodzi ndi timapaketi ta silika tija timapezeka m'makatoni a nsapato, ndipo mupite nayo kwa mmisiri tsiku lomwelo kapena mawa lake. Apa pokha ndi pamene kulola mmisiri waluso wapafupi kutsegula kumbuyo ndi kuumitsa makina kumaposa kudikira masabata kuti wotchi itumizidwe kunja. Ngati ndi madzi amchere, maola enieniwo ndi ofunika.

Kusunga

Wotchi iliyonse ikhale payokha, pa kapilo kapena m'kathumba kofewa, osati m'mbale imodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo. Sefa yachitsulo imasunga chinyezi nyengo ya mvula, ikanimo silika ndi kumusintha. Wotchi yosavalidwa ipukuseni kamodzi pamwezi iyende tsiku limodzi. Bokosi lamagetsi lozungulitsa wotchi si lofunika kwenikweni, kupatula pa wotchi ya kalendala yovuta kutchuna. Wotchi yoima sidyeka.

Ya batire ili ndi ngozi yake. Batire limatha pa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo mawotchi ambiri amachenjeza: muvi wa masekondi umayamba kudumpha masekondi anayi nthawi imodzi. Batire lakufa likasiyidwa m'kati limatha kutuluka madzi owononga makina. Lisinthidwe msanga, ndi munthu amene asinthenso kamphira ka kumbuyo ndi kuyeza ngati wotchi ikutsekabe madzi. Okonza mawotchi a pakhonde la sitolo ambiri ndi aluso pa ntchito yawo, koma makina oyezerawo nthawi zambiri sakhala nawo, choncho funsani kaye asanatsegule.

Pamene simuyenera kudikira zaka za sevisi

Wotchi ikamaima isanakwanitse theka la maola ake mutaipukusa mokwanira, ikamamveka kukhulana m'kati mukagwedeza mkono, crown ikamalimba kapena kukana kumangika, deti likamaima pakati, kapena mukamapukusa n'kumva chitsulo cham'kati chopukusa wotchi mukamayendetsa mkono chikuzungulira nawo mwamphamvu, ivuleni. Kupitiriza kuivala kumasandutsa ntchito yothira mafuta kukhala yosintha zitsulo.

Poipereka, ijambuleni mbali zonse ndi foni, lembani nambala yake, ndipo khadi la chitsimikizo ndi malisiti a sevisi zakale musunge zithunzi zake. Rolex ndi Omega amapereka chitsimikizo cha zaka 5 pa wotchi yatsopano, ndipo chimatha kufa ngati munthu wosavomerezeka watsegula. Pemphani mtengo wolembedwa ntchito isanayambe. Ngati simukufuna kuti thupi lipalidwe, kapena kuti nkhope ndi mivi yakale zisinthidwe ndi zatsopano, zilembedwe pa pepala lolandirira wotchi, chifukwa malo ambiri a sevisi amachita zimenezi mwachizolowezi ngati mwini sananene.